Mumzera umodzi, tomato wina wafota wina ali bwinobwino: m'dothimo muli chiyani?

Bambo a Yamikani: Moni nonse apagulu. Funso langa lipite kwa alangizi ndi ena odziwa. Kudimba kwanga kuno ku Ntcheu tomato wayamba kufota masamba akadali obiriwira, osachita chikasu n'komwe. Dzuwa likaswa mtengo amazyolika, m'mawa n'kupeza wadzuka, kenaka tsiku lina osadzukanso. Chikundizunguza mutu n'chakuti mbewu ndi imodzi, madzi ndi amodzi, mzera ndi umodzi, koma wina wafa pomwe mnzake wa phando lotsatira ali bwinobwino. Zimatheka bwanji?

NaBanda wa ku Bembeke: Pepani bambo. Mbewu yanji?

Bambo a Yamikani: Moneymaker, mayi.

Che Venda: Pamenepo pali dzanja la munthu, musatayenso nthawi kkkk

Alangizi Opuma: Che Venda, tiyambe taona kaye za m'dothi tisanafike kwa anthu. Bambo a Yamikani, chitani ichi lero lomwe. Zulani tomato mmodzi wofotayo, mudule tsinde pafupi ndi dothi ndi mpeni wakuthwa. Tengani tambula yagalasi, muthiremo madzi oyera, muviike nsonga yodulayo pamwamba pa madziwo osagwedeza. Dikirani mphindi zochepa. Mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera m'tsindemo, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Ralstonia solanacearum. Amalowera kumizu, n'kukachulukana m'njira zomwe madzi amakwerera, n'kutulutsa zonanda zotseka njirazo. Ndiye tomato amafa ndi ludzu atayima pa dothi lonyowa.

Bambo a Yamikani: Ndachita. Tiulusi tatuluka ndithu, madzi mpaka achita mbuu.

Alangizi Opuma: Basi ndi omwewo. Musavutike kugula mankhwala opopera, kulibe amene angafike m'kati mwa tsinde. Zulani onse ofota pamodzi ndi dothi la kumizu kwake, muike m'thumba, mukatenthe kutali ndi dimba. Osaponya m'khwawa ayi, chifukwa amayenda ndi madzi, mupatsira anzanu akumunsi.

NaBanda wa ku Bembeke: Zikomo alangizi, koma funso la bambowa simunaliyankhe. Inenso limandivuta. Ngati matendawo ali m'dothi, bwanji sakugwira onse? Kuno pa mbatatesi zimachitikanso chimodzimodzi.

Mwana wa ku Bunda: Mayi, ndiloleni ndiyeseko, akuluakulu andikonza. Kumizu ya tomato sikukhala Ralstonia yekha. Pali mabakiteriya a mitundu yambirimbiri, ndipo m'kadothi kodzadza kansupuni kakang'ono, kotengedwa pamuzu penipeni, mumakhala mamiliyoni mazanamazana. Sanabwere mwangozi. Tomato amatulutsa dala shuga ndi timadzi towawasa kudzera kumizu, gawo ndithu la chakudya chimene masamba apanga ndi dzuwa, ndipo mabakiteriyawo amaunjikana pamenepo kudya. Munthu woyamba kulemba bwino za kadera kozungulira muzu kameneka anali Lorenz Hiltner wa ku Germany, mu 1904, ndipo ngakhale nthawi imeneyo iye ankaganiza kale kuti thanzi la mbewu limadalira tizilombo tokhala pamenepo.

Tsono Ralstonia akafika amapeza eni malo. Ena amamulanda chakudya, ena amatsekereza pomwe akanalowera, ena monga a mtundu wa Bacillus ndi Pseudomonas amatulutsa mankhwala omupha. Zili ngati kufika mochedwa pa msika wa Lizulu tsiku la msika: malo onse a m'mbali mwa msewu agwidwa kale, dengu lako ulibe poika. Pomwe eni malo ndi ochepa kapena ofooka, iye amakhazikika.

Che Venda: Pa Lizulu ndiye ukunena zoona mphwanga. Koma zinazo ndi za m'kalasi basi. Phando ili ndi phando ilo zisiyane bwanji, dothi lake ndi lomwelo?

Mwana wa ku Bunda: Achimwene, anthu anayesa zimenezo. Ku China, pa Nanjing Agricultural University, anabzala tomato m'munda womwe munali matendawa, n'kumatengako dothi la kumizu kwa tomato aliyense payekhapayekha kuyambira ali wamng'ono, osamuzula. Pomaliza ena anafota ena anapulumuka, monga zachitikira kwa bambo a Yamikani. Atabwerera kukaona dothi lomwe anasunga lija, anapeza kuti kusiyana kunalipo kale pachiyambi pomwe, matenda asanaoneke. Opulumuka aja anayamba moyo ndi gulu lina la mabakiteriya, momwe munali ambiri olimbana ndi Ralstonia. Zotsatirazo zinatuluka mu 2019. Dothi timaliona ngati limodzi ndi maso athuwa, koma mapando awiri oyandikana akhoza kukhala ndi mabakiteriya ake osiyana.

Alangizi Opuma: Mwanawe wafotokoza bwino, koma usaiwale zinthu zooneka ndi maso. Ine zaka zonse zomwe ndinayenda m'madimba, tomato woyamba kufota nthawi zambiri amakhala amene wavulala mizu. Khasu popalira, kuzula mbande mokoka pa nazale youma, ndi timinyongolotsi tija totupitsa mizu. Bala lililonse ndi khomo. Komanso pamene madzi amadikha. Bambo a Yamikani, taonani mizu ya omwe mwazulawo ngati ili ndi timfundo totupa.

Bambo a Yamikani: Ina ili nato, ina ayi. Ndipo zoonadi ambiri ofota ali chakumunsi komwe madzi amaima ndikathirira ndi pampu.

Mwana wa ku Bunda: Sindikutsutsa bambo alangizi, zonsezo zimayendera limodzi. Koma poti atchula Moneymaker, pali kafukufuku wina wokhudza mbewu imeneyi ndendende. Ku South Korea anayerekeza Moneymaker, yemwe amagwidwa msanga ndi matendawa, ndi tomato wina wotchedwa Hawaii 7996 yemwe amapirira kwambiri. Anabzala onse m'dothi lofanana. Patapita nthawi, mabakiteriya a kumizu kwawo anali osiyana. Hawaii 7996 anali atakoka ambiri a mtundu wa Flavobacterium. Atasamutsa mabakiteriya a kumizu kwa Hawaii kupita kwa Moneymaker, matenda anachepa mphamvu. Anapatulanso Flavobacterium mmodziyo, n'kumutcha TRM1, ndipo m'miphika yoyesera anathandiza tomato kupirira. Zinasindikizidwa mu 2018. Kutanthauza kuti kupirira kwa mbewu sikuli m'thupi mwake mokha, kwina kuli mwa alendo amene imadziwa kuwaitana.

NaBanda wa ku Bembeke: Ndiye Hawaii ameneyo timupeza kuti? Tibzale yemweyo basi.

Achimwene a ku Limpopo: Mayi, ameneyo simungagulitse pamsika, zipatso zake n'zazing'ono, Che Venda sangakuyang'aneni n'komwe. Ntchito yake ndi kukhala tsinde lapansi pomezanitsa. Mumadula mbande ziwiri zikadali zanthete, mizu ya wopirira, mutu wa amene mukufuna zipatso zake, n'kulumikiza ndi kapulasitiki kakang'ono. Kuno kufamu yomwe ndimagwira ntchito mbande zina zimabwera zomezanitsa kale kuchokera ku nazale. A World Vegetable Center, omwe likulu lawo lili ku Taiwan ndipo ali ndi ofesi ku Arusha, akhala akuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri. Amagwiritsanso ntchito mizu ya mabilinganya ena, makamaka pomwe madzi amadikha. Ku Vietnam, dera la Lam Dong, alimi ambiri a tomato anasiya kubzala osamezanitsa chifukwa cha matenda omwewa.

NaBanda wa ku Bembeke: Tomato pa mabilinganya? Ine ndimadziwa kumezanitsa mango ndi mapichesi basi.

Achimwene a ku Limpopo: Ndi pachibale mayi, zimagwirana. Chovuta ndi sabata yoyamba, zimafuna mthunzi ndi chinyezi chambiri, apo ayi zonse zimauma.

Alangizi Opuma: Pachibale pomwepo ndi pamene pali vuto lina. Tomato, mbatatesi, fodya, tsabola, mabilinganya, onsewa amadwala matenda amodzi. Munthu amachotsa mbatatesi n'kuikapo tomato, iye n'kumati ndachita kasinthasintha. Ayi, wangomusinthira ndiwo Ralstonia. Ngakhale mnadzi ndi nthula zomera zokha m'mbali mwa dimba zimamusunga. Kwa inu a ku Dedza ndi Ntcheu, dziwaninso kuti ngakhale matendawa amakonda kotentha, ulipo mtundu wake wina wa pa mbatatesi womwe umapirira kozizira, ndipo umayenda ndi mbewu ya mbatatesi yooneka yabwinobwino. Pamalo pomwe pagwa matendawa ikanipo chimanga, anyezi kapena kabichi kwa zaka zitatu kapena zinayi, kuposa apo n'kwabwinonso. Pobwerera yesani Rodade, amapirirako kusiyana ndi Moneymaker, ngakhale naye si mwala.

Bambo a Yamikani: Zaka zinayi alangizi? Dimba langa ndi lomweli, ndipo ndalama ya fizi imachokera pa tomato.

Alangizi Opuma: Ndikudziwa bambo, n'chifukwa chake sindikunena kuti musiye dimba lonse. Ligaweni. Chigawo chakumunsi chomwe chadwalacho chipume. Tomato apite kumtunda, pa mabedi okwera, ndipo madzi asachoke kodwala kupita kwabwino. Khasu lomwe mwalimira kodwala mulitsuke musanapite nalo kwina.

Mlongo wa ku Jenda: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Funso langa kwa mwana wa ku Bundayo. Ngati mabakiteriya abwino alipo, bwanji osangowaika m'paketi ngati inokyulanti wa soya uja? Ife kuno timapaka ku mbewu ya soya ndipo kusiyana kumaoneka.

Mwana wa ku Bunda: Achemwali, la soya ndi losavuta chifukwa soya amawamangira nyumba mabakiteriya ake, timfundo tija ta kumizu ya soya, ndipo akalowamo palibe wowasokoneza. Tomato sachita zimenezo. Ake amakhala panja pa muzu, poyera, pomwe aliyense akulimbirana. Mukathira mtundu umodzi wochokera m'paketi, umakapeza mamiliyoni a eni dothi omwe anazolowera kale kutentha kwa pamenepo, chinyezi chake ndi kuwawasa kwake. Nthawi zambiri mlendoyo amachepa pang'onopang'ono mpaka kutha. Mankhwala otere alipo ndithu m'maiko ena, ambiri opangidwa ndi Bacillus chifukwa amatha kugona nthawi yaitali m'paketi osafa. Koma amachita bwino m'nyumba zolimiramo ndi m'miphika, kumunda zotsatira zake zimasinthasintha.

Che Venda: Ndiye timabotolo tija akuyenda nato anyamata m'misika, amati muli tizilombo tabwino, tinene kuti n'tabodza?

Alangizi Opuma: Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku lothera ntchito, lomwe lakhala padzuwa pa benchi mwezi wathunthu, ine sindingaliponyere ndalama. Zamoyo zimafa. Ndipo ngakhale zili zamoyo, simukudziwa kuti ndi ziti.

NaBanda wa ku Bembeke: Nanga manyowa? Ine ndimaona kuti bedi lomwe ndathira manyowa owola bwino tomato wake sadwaladwala ngati wa feteleza yekha. Kapena ndi maganizo anga chabe?

Mwana wa ku Bunda: Si maganizo chabe mayi. Manyowa amabweretsa mabakiteriya ake, koma chachikulu n'chakuti amadyetsa omwe alimo kale m'dothimo, ndiye amachuluka n'kukhala a mitundu yambiri. Feteleza amadyetsa mbewu yokha. Ndiponso feteleza wina monga urea ndi SA (sulphate of ammonia), mukamathira chaka ndi chaka popanda china, dothi limanka liwawasa, ndipo dothi lowawasa limafooketsa ambiri mwa olimbana ndi Ralstonia. Gulu lina lofunika ndi la Streptomyces. Ndi omwe amatulutsa fungo lija la dothi mvula yoyamba ikagwa. Ndi akatswiri opanga mankhwala opha anzawo, moti streptomycin, mankhwala oyamba kuchiza TB, anapezeka mu 1943 kuchokera kwa mmodzi wa iwo ku Rutgers ku America.

Mlongo wa ku Jenda: Eeh, fungo la mvula lija ndi mabakiteriya? Ndiye ndakula nalo osadziwa.

Alangizi Opuma: Pa manyowa ndionjezere chenjezo, chifukwa anthu akamva kuti manyowa ndi abwino amathamangira kukhola n'kukatuta ndowe zaziwisi. Zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo mwamva kale kuti bala ndi khomo. Chachiwiri, musaponye mapesi a tomato kapena mbatatesi yodwala pa mulu wa manyowa. Mulu ukapanda kutentha mokwanira mpaka m'mbali, mwadzisungira matenda n'kukawamwaza nokha dimba lonse. Kaya ndi a Mbeya aja a gaga, phulusa ndi zitosi, kaya ndi a m'dzenje, adikireni apse.

Ndipo tisanamizane, manyowa sachiza dimba lomwe ladzaza kale ndi Ralstonia. Amachepetsa. Mdani akachuluka kwambiri, eni malo aja amagonja ngakhale atakhala ambiri bwanji.

Bambo a Yamikani: Nanga kutentha mapesi pa nazale tisanafese, monga timachitira? Pamenepo sitikupha abwino omwe?

Alangizi Opuma: Mukupha onse, abwino ndi oipa, koma a pamwamba pokha, moto sulowa pansi kwenikweni. Ine ndimalimbikitsabe pomwe palibe njira ina, chifukwa umachepetsa timinyongolotsi ndi njere za udzu. Koma mukatentha, dothi limakhala lopanda mwini, ndiye woyamba kufika ndi amene amalamulira. Mukathirira ndi madzi a m'khwawa lodutsa m'madimba odwala, mwamupatsa Ralstonia bedi lonse yekha. Ndiye mukatentha, sakanizanimo manyowa okupsa bwino, muthirire ndi madzi a pachitsime kapena pamjigo. Koposa zonse, nazale ikhale pamalo pomwe sipanakhalepo tomato, fodya kapena mbatatesi.

Mwana wa ku Bunda: Zimenezi zikugwirizana ndi za ku Nanjing zija. Ngati tsogolo la tomato limayamba kuoneka ali wamng'ono, ndiye kuti nazale ndi pomwe tiyenera kusamala kwambiri, osati pomwe wayamba maluwa.

Achimwene a ku Limpopo: Ndinamva kuti aliponso mavairasi odya mabakiteriya. Zoona mphwanga?

Mwana wa ku Bunda: Zoona achimwene. Gulu lomwelo la ku Nanjing pamodzi ndi anzawo a ku York ku Britain linayesa kuthira mavairasi ogwira Ralstonia yekha, osakhudza ena. Atasakaniza mitundu ingapo, matenda anatsika mpaka ndi 80 pa 100 alionse m'mayesero ena, ndipo Ralstonia amene anapulumuka anali wofooka. Zinatulukanso mu 2019. Koma mavairasiwo amasankha kwambiri, ogwira Ralstonia wa ku China sizikutanthauza kuti agwiranso wa ku Tsangano. Pafunika kufufuza athu a konkuno.

Admin: Zokambirana zikukoma. Chonde amene mukutumiza zotsatsa mbande pakati pa nkhaniyi dikirani Loweruka.

NaBanda wa ku Bembeke: Ine ndibwere kumasamba. Kuno kwathu vuto lalikulu si kufota koma madontho pamasamba ndi chiwawu nthawi ya mvula ndi nkhungu. Timapopera Dithane ndi kopa sabata ndi sabata. Kodi pamasamba palinso abwino ngati akumizu? Ngati alipo ndiye kuti ine ndawatha kalekale.

Mwana wa ku Bunda: Alipo mayi, koma moyo wa pamasamba ndi wowawa kusiyana ndi wa kumizu. Masana dzuwa limawawotcha, tsamba limauma gwa, usiku kumazizira, mvula ikabwera imawakokolola, ndipo chakudya n'chochepa. Komabe pa kachigawo ka tsamba kokula ngati chikhadabo pamatha kukhala mabakiteriya miliyoni kapena kuposa. Samwazikana paliponse, amaunjikana m'mbali mwa mitsempha, patsinde pa tiubweya tija ta tomato, ndi kunsi kwa tsamba komwe kuli mthunzi. Ambiri ndi achikasu kapena ofiirira, mtunduwo umawateteza ku dzuwa. Ena otchedwa Methylobacterium amakhalira kudya kampweya ka methanol komwe tsamba limatulutsa likamakula. Ena ndi Sphingomonas, omwe pa zomera zina aonetsa kuti amachepetsa matenda a madontho.

Chinanso chosangalatsa, tsamba lili ndi timabowo topumira. Likamva kuti pali mabakiteriya limatseka timabowoto. Koma Pseudomonas syringae, amene amayambitsa timadontho takuda ting'onoting'ono pa tomato, amatulutsa mankhwala okakamiza tsamba kutsegulanso, iye n'kulowa.

Che Venda: Mwati Pseudomonas? Si yemwe uja munati ndi wabwino kumizu?

Mwana wa ku Bunda: Banja ndi limodzi achimwene, koma mitundu yake ndi yambiri. Ena amateteza, ena amadwalitsa.

Alangizi Opuma: Mayi NaBanda, tisiyanitse zinthu. Chiwawu chomwe chimapsereza munda m'masiku ochepa nthawi ya chifunga si cha mabakiteriya, ndipo pamenepo Dithane musasiye, mungalire. Madontho a mabakiteriya ndi ena, ang'onoang'ono, akuda, nthawi zina ozunguliridwa ndi chikasu, ndipo amagwiranso zipatso n'kuzichititsa nkhanambo. Amenewo ndiye timapoperera kopa. Koma kopa sasankha, amapha aliyense amene wamupeza pamwamba pa tsamba. Ndipo oipawo amazolowera. Ku Florida anazindikira kale m'zaka za m'ma 1980 kuti mabakiteriya a madontho pa tsabola ndi tomato asiya kumva kopa chifukwa chopopera mowirikiza. Kopa yemweyo akagwera pansi sawola, amaunjikana m'dothi chaka ndi chaka. Ndiye kupopera kopa mwa chizolowezi, chilimwe chouma, masamba ali oyera opanda dontho, ine ndimati n'kutaya ndalama komanso kupha okuthandizani.

NaBanda wa ku Bembeke: Koma alangizi, ukadikira kuti uone dontho ndiye kuti wachedwa. Ife tinaphunzira choncho.

Alangizi Opuma: Nthawi ya mvula inde, tetezani msanga. Ndikunena za miyezi youma, pomwe mdani wanu ndi kangaude wofiira ndi mbozi ya Tuta, omwe kopa sawachita kanthu.

Mwana wa ku Bunda: Pali kafukufuku wina wa pamasamba yemwe anandidabwitsa. Ku University of California, Berkeley, Britt Koskella ndi mnzake anatsuka masamba a tomato wa kumunda, n'kutenga mabakiteriya a m'madziwo kupopera pa tomato wokulira m'chipinda choyesera. Kenaka anamupatsira Pseudomonas syringae uja. Wopoperedwayo anatetezeka kusiyana ndi wosapoperedwa. Koma zinthu ziwiri sizinayende monga ankayembekezera. Choyamba, kuchulukitsa mabakiteriya opoperawo sikunaonjezere chitetezo, osungunula kwambiri ndi amene anachita bwino. Chachiwiri, tomato amene anathiridwa feteleza asanayesedwe, chitetezo chija sichinaoneke. Zinatuluka mu 2018.

Mlongo wa ku Jenda: Ndiye tisiye feteleza? Tomato wopanda CAN angabereke chiyani?

Mwana wa ku Bunda: Ayi achemwali, sindikutero. Zimenezo zinali za m'chipinda, pa mbande, osati m'dimba. Ine chomwe ndinatolapo n'chakuti zinthu izi siziyenda mwa "kuchuluka ndiye ubwino". Kaya ndi feteleza, kaya ndi tizilombo tabwino tomwe.

Alangizi Opuma: Zimenezo ife tinaziona kale popanda chipinda. Tomato wothiridwa nayitrojeni wambiri amachita masamba ofewa, obiriwira mochititsa kaso, mphepo osadutsa, ndipo ndi amene amayamba kudwala. Mlimi amasangalala ndi masamba pomwe ogula akufuna zipatso.

Che Venda: Apo ndiye mwalasa. Masamba sindigula ine.

Anamwino: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko mbali ya kuchipatala. Pa tomato pamathanso kukhala mabakiteriya omwe sadwalitsa tomatoyo koma amadwalitsa munthu, monga Salmonella ndi E. coli. Amachokera ku ndowe ndi zitosi zosapsa komanso madzi oipa othirira. Ku America kunabuka matenda otsegula m'mimba kangapo chifukwa cha tomato wosaphika, moti ena mwa akafukufuku oyamba kuwerenga mabakiteriya a pa mizu, masamba, maluwa ndi zipatso za tomato anali a bungwe lawo loona za chakudya ndi mankhwala la FDA. Ndiye ndikamamva anthu akuviika zitosi za nkhuku m'mgolo n'kumapopera madziwo pamasamba ndi pa zipatso, mtima umandipweteka. Thirani pansi, osati pamwamba, ndipo osati pomwe mwayandikira kuthyola. Tomato yemweyo akathera mu kachumbari pa chiwaya.

Bambo a Yamikani: Amayi anamwino mwanena zoona, ambiri kuno akuchita zimenezo poti feteleza wakwera.

Anamwino: Sindikuletsa manyowa amadzi bambo, ndikuletsa kusambitsa nawo zipatso. Ndipo Che Venda, madzi a m'chidebe chimodzi otsukira tomato tsiku lonse pamsika aja, amangosamutsa zoipa kuchoka pa mmodzi kupita pa onse.

Che Venda: Mwandipeza amayi. Koma mpopi pamsika wathu uli kutali.

Achimwene a ku Limpopo: Kuno lamulo ndi lakuti masamba akadali onyowa ndi mame palibe wolowa m'munda kukachotsa mphukira kapena kumangirira. Poyamba ndinkaona ngati ulesi wa akapitawo, koma n'chifukwa chakuti manja ndi mipeni zimanyamula mabakiteriya kuchoka pa tomato wodwala, ndipo pa tsamba lonyowa amalowa mosavuta. Mipeni timaviika m'madzi a jiki tikamaliza mzera. Kuthiriranso ndi kwa pansi, timapaipi todontheza, masamba sanyowa.

NaBanda wa ku Bembeke: Ife ndi keni achimwene, timapaipi tiwapeza kuti.

Alangizi Opuma: Keni yomweyo, chotsani chisefa chakutsogolo muthire patsinde mofatsa, osati kumusambitsa tomato kumutu. Phimbirani pansi ndi udzu wouma kuti dontho la mvula lisamwaze dothi kupita pamasamba, chifukwa ambiri a pamasamba apansi amachokera m'dothi momwemo. Masamba okhudza pansi chotsani. Izi sizifuna ndalama.

Mlongo wa ku Jenda: Nanga ife osunga mbewu tokha? Mabakiteriya amakhalanso pa njere?

Mwana wa ku Bunda: Amakhalapo achemwali, abwino ndi oipa omwe, ndipo ndi amene amayamba kukhala pa kambande kakangomera. Oipa odziwika ndi a madontho aja ndi wina wotchedwa Clavibacter, yemwe amaumitsa masamba kuyambira m'mphepete n'kuchititsa timadontho toyera pa zipatso tokhala ndi kakuda pakati.

Alangizi Opuma: N'chifukwa chake njere musangofinya n'kuyanika. Sankhani zipatso za tomato wathanzi, finyirani m'kapu pamodzi ndi madzi ake, musiye zisase masiku awiri kapena atatu mukuvundula, kenaka tsukani bwino n'kuyanika pamthunzi. Kusasako kumachotsa chonanda chija ndipo kumachepetsa matenda a pakhungu la njere. Njira ina ndi madzi otentha madigiri 50 kwa mphindi 25, koma imeneyo imafuna choyezera kutentha. Mukangoyerekeza ndi chala mupha mbewu yonse. Ndipo ngati tomato wanu ndi wa haibulidi, njere zake musasunge n'komwe, ana ake satengera kholo.

Mlongo wa ku Jenda: Wanga ndi Tengeru, ndakhala ndikusunga.

Alangizi Opuma: Tengeru mukhoza kusunga. Koma ngati m'munda munaoneka madontho pa zipatso chaka chino, gulani ina, musaumire.

Mlongo wa ku Jenda: Anaoneka pang'ono chakumapeto kwa mvula. Choyezera kutenthacho ndingabwereke kwa a zaulimi kuno, kapena cha kuchipatala chija chingathe?

Anamwino: Cha kuchipatala sichifika 50 achemwali, chimathera cha m'ma 42. Funsani kwa aphunzitsi a sayansi ku sekondale, amakhala nazo zofika 100.